PHUNZIRO LA DOTHI NDI MTUNDU WA MBEWU: CHIFUKWA NINJI MTENGO WINA UBALA, WINA SUBALA?

Abale athu owerenga, makamaka inu okhala m'midzi yozungulira nyanja ya Chia, phunziro la mwezi uno lili pa mitengo ya zipatso. Funso lake ndi ili: anthu awiri awoka mitengo tsiku limodzi, mvula iwagwera imodzimodzi, dzuwa liwawalira limodzimodzi, nanga chifukwa ninji wina athyola madengu odzaza, ndipo mnzake angoona masamba okhaokha? Ambiri ayankha msanga kuti, "Uja ali ndi dzanja," ndipo ena anong'onezana za mankhwala. Koma ife tinena kuti zifukwa zazikulu zili ziwiri, ndipo zonse zioneka ndi maso. Choyamba ndicho dothi limene mizu ikhalamo. Chachiwiri ndicho mtundu wa mbewu imene munthu anasankha.

Nkhani iyi si yaing'ono iyayi. Munthu akalakwa posankha mbewu ya chimanga, ataya chaka chimodzi, ndipo mvula ikabweranso akonza. Koma akalakwa pa mtengo wa zipatso, adzazindikira zitapita zaka zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, mphamvu zake zitatha, ndi malo ake atadyedwa ndi mthunzi wopanda phindu. Chifukwa chake tiyeni tiphunzire mofatsa. Tiyamba ndi kachipatso ka kutali, pakuti mbiri yake iphunzitsa bwino lamulo limeneli. Pambuyo pake tidzabwerera ku mango athu.

1. Za kachipatso kotchedwa blueberry

Ku dziko la Amerika kuli chitsamba chobala tizipatso tobiriwira modera, tating'ono ngati nthudza, ndipo eni ake atitcha blueberry. Kuyambira kale anthu a kumeneko ankatola tizipatso timeneti m'tchire monga ife titola masuku. Ambiri anayesa kuzula zitsambazo ndi kuziwoka pakhomo. Anazipatsa dothi lachonde la m'dimba, nathirapo manyowa ndi laimu, koma zitsamba zinachita chikasu, ndi kufa. Potero anthu anagwirizana kuti chipatso ichi chikana kuwetedwa.

Koma panali munthu wina wodziwa za zomera, wogwira ntchito m'boma, dzina lake Frederick Coville. Iye sanakhutire ndi mawu a anthu. Anatenga mbande zofanana, naziwoka m'miphika ya dothi losiyanasiyana, nayang'anira tsiku ndi tsiku. Ndipo taonani, mbande za m'dothi lonona la m'dimba zinafooka, koma zija za m'dothi lowawasa la zomera zowola losakaniza ndi mchenga, limene mlimi aliyense akanalinyoza, zinakula mokondwa. M'chaka cha 1910 iye anasindikiza zimene anapeza.

Mayi wina wa ku New Jersey, Elizabeth White, mwana wa mlimi, anawerenga zimenezi, namuitana Coville m'chaka cha 1911 kuti adzayese pa munda wa atate wake ku Whitesbog. Mayiyu anaona kuti dothi lokha silikwanira, pakuti zitsamba za m'tchire sizinali zofanana: zina zinabala tizipatso tating'ono towawa, zina tokulirapo totsekemera. Tsono anapempha anthu a m'midzi ozolowera kutola zipatso kuti amsonyeze zitsamba zopambana, nawapatsa kachitsulo kokhala ndi bowo loyesera ukulu wa chipatso, nawalipira pa chitsamba chilichonse chabwino. Ndipo zitsamba zina anazitcha maina a anthu amene anazipeza. Mwa zambiri zimene zinabwera anasunga zowerengeka zokha, nazichulukitsa podula nthambi zake. M'chaka cha 1916 anagulitsa zipatso zoyamba za m'munda. Onani tsono: mwamuna uja anapeza dothi, mayi uja anapeza mtundu, ndipo ziwirizi zitakumana mpamene chipatso chinalowa m'munda.

2. Kuwawasa kwa dothi

Kodi dothi lowawasa nchiyani? Amayi adziwa kusiyana kwa madzi a mandimu kapena a bwemba ndi madzi a chidulo chophikira therere. Oyambawo awawasa, chidulo chiterera ndi kufewetsa ndiwo. Dothi nalonso lipendekera ku mbali imodzi kapena inzake, ngakhale lilime silingazindikire. Ophunzira ayesa zimenezi ndi muyeso wotchedwa pH, woyambira pa 0 kufikira 14. Pa 7 ndipo pakati. Kutsika pansi pa 7 ndiko kuwawasa, kukwera pamwamba ndiko kunka ku chidulo. Mbewu zambiri za m'munda zikonda dothi la pafupi ndi 6 kapena 7. Mango alola kuyambira 5.5 kufikira 7.5. Koma blueberry afuna dothi la pakati pa 4.5 ndi 5.5, pamene mbewu zina zambiri zivutika.

Chifukwa chake chili m'mizu. Mizu ya chitsamba ichi ndi yopyapyala ngati ulusi, yosazama, ndiponso ilibe timaubweya timene mizu ya mbewu zina imwera nato madzi. M'malo mwake ikhala pa ubale ndi tinkhungu ta m'nthaka, ta mtundu wa bowa, timene tilowa m'mizu ndi kuithandiza kutenga chakudya. Ndiponso dothi likaleka kuwawasa, chitsulo chimene chili m'dothimo chimangika, mizu siingathe kuchimwa. Pamenepo masamba anthete achita chikasu, mitsempha yokha nitsala yobiriwira, ndipo chitsamba chifa ndi njala chili pakati pa chakudya. Motero laimu ndi phulusa, zimene zithandiza munda wowawasa wa chimanga, kwa blueberry zili ngati ululu.

Apa pali phunziro loyamba. Palibe dothi labwino kwa mbewu zonse. Dothi likhala labwino kapena loipa monga mwa mbewu imene mufuna kuikamo.

3. Munda wa m'miphika

Masiku ano alimi ambiri a chipatso ichi saderanso nkhawa za dothi la munda wawo, pakuti alima m'matumba ndi m'miphika ya pulasitiki, uliwonse wolowa malita 25 kapena kuposapo. M'miphikamo saikamo dothi wamba, koma zinthu zosankhidwa: ulusi wa makoko a kokonati, makungwa a paini ophwanyidwa ndi kuwoletsedwa, zomera zowola za m'madambo ozizira, ndi timiyala toyera topepuka. Chilichonse chili ndi ntchito yake. Zofewa zisunga madzi; zokhakhala zisiya mipata kuti mpweya ufike ku mizu ndi kuti madzi otsala atuluke. Zofewa zikachuluka mizu iwola. Zokhakhala zikachuluka chitsamba chimva ludzu dzuwa lisanafike pamutu.

Zinthu zimenezi mwa izo zokha zilibe chakudya chokwanira. Chifukwa chake mlimi adontheza madzi ndi timapaipi kangapo pa tsiku, atasungunuliramo feteleza pang'onopang'ono, ndipo madzi akakhala opendekera ku chidulo awathira asidi. Chitsamba chosamalidwa motere chikula msanga ndi kuyamba kubala msanga, ndipo mizere yonse ikhala yofanana. Koma mtengo wake ndi waukulu, ndipo mphika sukhululuka: madzi akaleka masiku awiri m'nyengo yotentha, munda wonse uli pangozi.

4. Mtundu ndi nyengo

Coville anapezanso chinthu china, kuti zitsamba zija sizichita maluwa bwino zikapanda kugona m'chisanu. Mitundu yakale ya kumpoto ifuna maola 800 kapena 1,000 a kuzizira kwa pansi pa madigiri 7 chaka chilichonse. Ikasowa chisanu chotere iphuka mwaulesi, nibala pang'ono kapena osabala konse, dothi lingakome chotani. Chifukwa cha ichi, kwa zaka zambiri chipatsochi chinali cha maiko ozizira okha.

Pambuyo pake ophunzira a ku University of Florida anakwatitsa mitundu ya kumpoto ndi zitsamba za m'tchire la kumwera kofunda, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anatulutsa mitundu yokhutira ndi kuzizira kochepa, monga Sharpblue. Mitundu ina yotere inatsatira, monga Biloxi ndi Ventura. Ndiyo imene inatsegula khomo ku dziko la Peru, kumene alima m'chipululu cha m'mbali mwa nyanja yamchere ndi madzi a m'ngalande. Ndipo m'chaka cha 1919 palibe akanakhulupirira, koma m'chaka cha 2019 Peru inapambana maiko onse pa kutumiza kunja zipatso zimenezi zaziwisi. Kufupi ndi kwathu kuno, alimi a ku South Africa ndi a kumapiri a ku Zimbabwe alimanso, natumiza ku Ulaya pa miyezi imene minda ya kumeneko ilibe zipatso.

Alimi amenewa aphunziranso kuti mitundu isiyana pa nthawi yakupsa, pa ukulu, ndi pa kulimba kwa chipatso paulendo. Ndiponso kuti mitundu iwiri ikawokedwa moyandikana, njuchi nizinyamula ufa wa maluwa kuchoka ku wina kunka ku unzake, zipatso zikula koposa. Motero aika ming'oma ya njuchi m'minda.

Phunziro lachiwiri ndi ili: dothi silingapatse mtengo chimene mulibe mu mtundu wake, ndipo mtundu sungaonetse mphamvu yake pa dothi ndi nyengo zosauyenera.

5. Kodi tingalime chipatsochi ku Chia?

Wina adzafunsa, popeza amva kuti chigulidwa ndi ndalama zambiri m'masitolo a m'mizinda. Tiyeni tiyese ndi miyeso iwiri ija. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kuno kunyanja, ngakhale mwera uwombe chotani m'mwezi wa June ndi July, chisanu cha pansi pa madigiri 7 sitichidziwa. Kutentha kwa October ndi November kukanapsereza mizu yosazama ija m'miphika yakuda. Ndiponso madzi a m'nyanja yathu apendekera ku chidulo, pH yake ili pafupi ndi 8. Wothirira nawo akanakhala ali kupha kuwawasa kwa dothi lake tsiku ndi tsiku. Malo a m'dziko lathu amene afanako ndi kwawo kwa chipatsochi ndiwo mapiri ozizira, monga Dedza, Zomba ndi Viphya, kumene kulinso makungwa a paini.

Chifukwa chake tikuchenjezani, abale: wina akadza ndi mbande zachilendo, nalonjeza chuma cha msanga, musafulumire kugulitsa mbuzi. Mfunseni dzina la mtunduwo, dothi limene ufuna, madzi amene umwa, ndi munda wa kunyanja kuno umene unabalapo kale. Safunsa anadya phula. Kwa ife phindu la blueberry lili m'phunziro lake. Ndipo tsopano tilitengere ku mitengo imene ikondwa ndi dziko lathu.

6. Nthaka za kwathu

Lamulo ili si lachilendo kwa inu. Palibe wa ku Chia amene abzala mpunga wa Faya kapena Kilombero pa mchenga wa kugombe, kapena chinangwa cha kondowole m'dambo lodikha madzi. Makolo anadziwa kupatsa mbewu iliyonse malo ake. Chodabwitsa nchakuti pa mitengo ya zipatso tiiwala nzeru imeneyi, ndi kuwoka paliponse pamene pali mpata.

Dera lathu lili ndi nthaka za mitundu itatu. Kufupi ndi nyanja yaikulu kuli mchenga: madzi alowa msanga, natha msanga, ndipo chakudya chitsukika ndi mvula. M'madambo ozungulira Chia, kumene mitsinje ya Lifuliza ndi Likoa itula matope ochokera ku mapiri a Ntchisi, kuli makande akuda: achonde ndithu, koma m'dzinja amira, m'chilimwe ang'ambika ndi kudula mizu. Kumtunda, kunka kumadzulo kwa msewu wa M5, kupezeka dothi lofiirira losakanikira, lozama, losunga chinyontho koma losadikha madzi.

Mango atumiza muzu wake waukulu pansi kwambiri, mamita angapo, ndipo ndicho chifukwa chake akhala obiriwira m'chilimwe udzu wonse utauma. Afuna dothi lozama lotulutsa madzi. Afunanso miyezi youma ndi yozizirirapo kuti apume ndi kuchita maluwa, monga tiona m'miyezi ya July, August ndi September. Mtengo woima pamene madzi a pansi ali pafupi chaka chonse supuma. Uphuka masamba pa masamba, koma maluwa achepa. Momwemonso mtengo wodyetsedwa feteleza wa masamba wochuluka, monga urea, unenepa ndi kuiwala kubala.

Musanawoke, yesani malo motere. Kumbani dzenje lozama masentimita 60, ndiko kuyambira pansi kufikira pamwamba pa bondo, nimulidzaze madzi. Akaphwa lisanathe tsiku limodzi, malowo ali bwino. Akagona masiku awiri, pasiyeni pakhale pa mpunga, kapena nthochi m'mphepete mwake. Akaphwa nthawi yomweyo muli chiimire, ndi mchenga. Mtengo udzamera, koma mudzafunika manyowa ambiri, zophimbira pansi, ndi kuthirira zaka ziwiri zoyamba.

7. Dothi la m'nazale

Monga mwana aumbidwa m'miyezi yake yoyamba, momwemo mtengo uumbidwa m'chubu. Apa mpamene nzeru ya alimi a m'miphika itithandiza, pakuti chubu nachonso ndi mphika, ndipo chifuna zinthu zitatu zomwe zija: chosunga madzi, chopatsa mpweya, ndi chodyetsa.

Tengani mabeseni awiri a dothi lapamwamba la pansi pa mitengo, beseni limodzi la manyowa owola bwino, ndi beseni limodzi la mchenga wokhakhala wa mumtsinje. Sefani miyala ndi mizu, nimusakanize kufikira mtundu ukhale umodzi. Kuyesa kwake nkotere: nyowetsani pang'ono, fumbatani m'dzanja, tambasulani. Likaumbika, koma nkugumuka mutaligunda ndi chala, lakhala bwino. Likakana kuumbika, mchenga wachuluka. Likamata ngati dongo la mbiya, onjezani mchenga ndi manyowa.

Pewani zinthu izi. Makande okhaokha auma ngati njerwa m'chubu, ndi kutsamwitsa mizu. Ndowe zaziwisi ndi zitosi za nkhuku zosawola zitentha mizu yanthete. Manyowa okhwima azizira m'dzanja ndipo anunkha ngati dothi la m'nkhalango. Phulusa lambiri liononga, pakuti ndi chidulo. Koma pali chuma chimodzi chimene titaya pa zigayo za mpunga, ndicho mankhusu. Mukawatentha pang'onopang'ono mopanda lawi, kuti ade ngati makala osafika pa phulusa loyera, alowa m'malo mwa mbali ina ya mchenga, napeputsa dothi, nasunga chinyontho.

Njere ya mango siikhala moyo nthawi yaitali. Ifesedwe isanathe sabata imodzi kapena ziwiri chichokere m'chipatso chakupsa. Tsegulani chigoba chake mosamala ndi mpeni, tayani njere zonse zodyedwa ndi kachirombo m'kati, ndipo zabwinozo muziike msana uli kumwamba, nimukwirire pang'ono. Zimera pakati pa masabata awiri ndi anayi. Chubu chikhale chachitali ndi choboola pansi, ndipo muzichisuntha kawirikawiri kuti muzu usalowe m'nthaka. Mbande yokhalitsa m'chubu chaching'ono ipinda muzu wake ngati mbedza, ndipo mtengo wotere sudzachira konse.

8. Mitundu ya mango

Mango kwawo ndi ku India ndi maiko oyandikana nawo. Anafika kunyanja kuno ndi amalonda ochokera kugombe la kum'mawa, ndipo Nkhotakota, mudzi wa a Jumbe kuyambira zaka za m'ma 1840, unali khomo lalikulu la amalonda amenewo. Kuchokera apo tili ndi mitundu imene tiitcha yathu, monga Boloma wamkulu uja, Domasi ndi Kalisere. Mitengo imeneyi ndi yolimba; ipirira chilala, chiswe ndi kusasamalidwa, ndipo idyetsa ana m'miyezi imene nkhokwe zayamba kupepuka. Tisainyoze. Koma vuto lake mulidziwa: yambiri ipsa nthawi imodzi, m'November ndi December, mitengo nigwa pa msika, milu niwola m'mbali mwa msewu, ndipo ina ili ndi ulusi wambiri umene ogula a kutali ndi mafakitale saufuna.

Mitundu yatsopano yambiri inachokera ku Florida. Haden anamera ku njere yobzalidwa m'chaka cha 1902, Kent ku ya 1932, Keitt ku ya 1939, ndipo Tommy Atkins ndi mwana wa Haden. Uliwonse uli ndi ubwino wake ndi chilema chake.

Tommy Atkins apsa moyambirira mwa mitundu imeneyi. Khungu lake ndi lofiira lokongola, lolimba paulendo, ndipo apirira nthenda ya madontho akuda imene idza ndi chinyontho. Koma kukoma kwake sikufika pa maonekedwe ake, ndipo mtengo ukadya feteleza wa masamba wambiri chipatso chifewa ndi kuonongeka m'kati mozungulira njere. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kent atsatira pambuyo. Ndi wotsekemera, wopanda ulusi, wokondedwa ndi opanga madzi a zipatso ndi oyanika mango. Koma agwidwa msanga ndi madontho akuda, ndipo popeza dera lathu lilandira mvula yambiri, afuna malo opita mphepo ndi kudulira nthambi kuti dzuwa lilowe.

Keitt ndiye wotsiriza. Chipatso chake ndi chachikulu, ndipo chikhala chobiriwira ngakhale chitakhwima, kotero kuti osadziwa achiyesa chachiwisi. Phindu lake ndi lakuti afika pa msika mango ena atatha, mitengo itakwera. Koma pokhala nthawi yaitali mumtengo m'kati mwa dzinja, akumana ndi ntchentche zoboola zipatso, makamaka mtundu wa ku Asia umene unaoneka koyamba mu Afrika ku Kenya m'chaka cha 2003, nufalikira maiko ambiri. Mankhwala ake oyamba ndi ukhondo: tolani zipatso zonse zakugwa, nimuzikwirire m'dzenje lozama, kuti mphutsi zisasanduke ntchentche.

Tsono wanzeru sasankha mtundu umodzi. Asunga mitengo ya makolo ya chakudya cha pakhomo, nawonjeza woyambirira, wapakati ndi wotsiriza, kuti nyengo yake ya mango italike, ndi kuti nthenda ikagwira wina, wina atsale. Ndipo asanawoke yambiri ayamba wafunsa wogula chimene afuna. Pakuti ku Salima kuli fakitale ya Malawi Mangoes, ndipo mafakitale otere agula monga mwa mtundu, osati monga mwa njala ya wogulitsa.

9. Chifukwa chake timezanitsa

Apa mverani bwino, pakuti ambiri ataya zaka pa chinthu ichi. Munthu adya Kent wokoma, nasunga njere, nabzala, nadikira zaka zisanu ndi chimodzi; ndipo mtengo ubala chipatso china, chosafanana ndi chija anadya. Sanaberedwe ndi munthu. Njere ya Kent, Keitt ndi Tommy Atkins ili ndi mwana mmodzi yekha, wobadwa mwa ufa wa maluwa umene ntchentche ndi tizilombo tina tinabweretsa kuchokera ku mtengo wosadziwika. Motero mwanayo atengera kuwiri. Koma mango ambiri a makolo, njere imodzi itulutsa mphukira zingapo, ndipo zambiri mwa izo zifanana ndi mayi wake ndendende. Ndicho chifukwa chake mitundu yathu yasungika ndi njere, pamene yatsopanoyo isungika ndi kumezanitsa kokha.

Kumezanitsa ndiko kulumikiza mitengo iwiri ikhale umodzi: tsinde la mango a makolo, lozolowera nthaka yathu, ndi kanthambi ka mtundu umene mufuna. Mbande ikafika kunenepa kwa pensulo, iduleni pa msinkhu wa chikhato chimodzi ndi theka kuchokera pa dothi, nimuing'ambe pakati pang'ono. Tengani kanthambi kokhwima ka masentimita 10 kufikira 15, ka maso otupa koma osaphuka, kochokera ku mtengo wathanzi umene munauona ukubala. Kasongoleni mbali ziwiri ngati mphero ya nkhwangwa, kalowetseni mumng'alu, makungwa akumane ndi makungwa ngakhale mbali imodzi, pakuti moyo wa mtengo uyenda pansi pa khungwa. Mangani zolimba ndi kapulasitiki, madzi asalowe, nimuike pa mthunzi. Pakapita masabata atatu kapena anayi maso aphuka. Mpeni ukhale wakuthwa ndi woyera, ndipo ntchito ichitike msanga, mabala asanaume.

Mtengo womezanitsa uyamba kubala m'chaka chachitatu kapena chachinayi, pamene wa njere udikiritsa zaka zisanu kufikira zisanu ndi zitatu. Ndiponso ukhala wamfupi, wosavuta kuthyola. Ndipo inu amene muli ndi mitengo yaikulu yobala zipatso zosakoma, musaigwetse kuti muotchere njerwa kapena kuwambira nsomba. Dulani nthambi zake zazikulu, kusiyako imodzi yodyetsa mtengo; mphukira zikatuluka, mezanitsani pa zolimba zowerengeka, ndipo zikagwira muchotse nthambi yotsala ija. Popeza mizu ndi yakale ndi yamphamvu, mtengo wotere ubala mtundu watsopano m'zaka ziwiri kapena zitatu.

10. Kuwoka ndi kulera

Kumbani maenje mvula isanayambe, masentimita 60 m'litali, m'lifupi ndi kuya, motalikirana mamita 8 kufikira 10. Dothi lapamwamba muike padera, mulisakanize ndi ndowa imodzi kapena ziwiri za manyowa owola, ndipo likhale loyamba kubwerera m'dzenje. Wokani mvula itakhazikika, m'December kapena January. Chotsani chubu, musagumule dothi la ku mizu, ndipo mfundo ya pomezanitsa ikhale pamwamba pa nthaka. Phimbirani pansi ndi udzu kapena mapesi a mpunga, koma asakhudze tsinde, kuopa chiswe. Tchingani mbuzi, lambulani moto.

Mphukira iliyonse yotuluka pansi pa mfundo muichotse, pakuti ndi ya tsinde lakale, ndipo mukailekerera idzagonjetsa mtundu umene munavutikira. Kamtengo kakachita maluwa m'chaka choyamba kapena chachiwiri, athotholeni, ngakhale mtima uwawe. Mwana sasenza mtolo wa mkulu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

11. Chuma cha m'tchire lathu

Tisatseke phunziro tisanatchule masuku a m'mapiri a kumadzulo kwathu. Mbiri yake ifanana ndi ya blueberry. Nawonso akhala pa ubale ndi bowa wa m'nthaka, kotero kuti mbande zake zikula bwino mukasakaniza m'chubu dothi lotapa pansi pa msuku waukulu. Nawonso asiyana mtengo ndi mtengo, ndipo ana a m'mudzi adziwa msuku wotsekemera koposa. Ndiponso pali misuku yaimuna yosabala ndi yaikazi yobala, ndipo pa mbande simungazindikire. Kuyambira zaka za m'ma 1990 ophunzira a bungwe la ICRAF ku Makoka, kufupi ndi Zomba, anayenda m'midzi kufunsa anthu mitengo yopambana, naimezanitsa, monga anachitira mayi uja wa ku New Jersey. Chipatso chimene lero chikwera ndege chinali cha m'tchire zaka zapitazo. Chifukwa chake wotentha makala ndi msuku wokoma aononga chimene sadziwa mtengo wake.

12. Ntchito ya mwezi uno

Mawu okha sabala zipatso. Tipempha kuti m'mudzi uliwonse anthu angapo agwirizane, achite monga anachitira Coville. Tengani njere 30 za mtengo umodzi. Khumi mufese m'mchenga wokhawokha, khumi m'makande okhaokha, khumi m'dothi losakaniza lija. Zonse zikhale pa mthunzi umodzi, zimwe madzi ofanana. Mwana wa sukulu alembe m'kope tsiku lomera ndi msinkhu wake mwezi ndi mwezi. Itatha miyezi itatu, ng'ambani chubu chimodzi cha gulu lililonse, nimuyang'ane mizu pamaso pa onse. Pamenepo sipadzafunikanso wina wokuuzani. Ndipo mlangizi wa zaulimi wa dera lanu mumpemphe akusonyezeni kumezanitsa ndi manja, ndi kumene mungapeze tinthambi ta mtundu woona.

Mafunso a kukambirana

1. Chifukwa ninji zitsamba za blueberry zinafa m'dothi lachonde la m'dimba?
2. Tchulani zifukwa zitatu zimene chipatsochi sichiyenera kunyanja kuno.
3. Mchenga, manyowa ndi dothi lapamwamba zigwira ntchito yanji m'chubu?
4. Chifukwa ninji njere ya Kent siibala Kent?
5. Pa malo anu, ndi pati pamene madzi aphwa lisanathe tsiku, ndipo mudzawokapo mtundu uti?

Tsalani bwino, abale. Mvula isanagwe, maenje akhale atakumbidwa.